Kudziwa zomwe zikuchitika mkati mwa chinthu osachitsegula: mmene mungagwiritsire ntchito Hidden Markov Model

Pampu yaikulu ya pa fakitale simungaimasule m'mawa uliwonse kuti muone ngati yayamba kudyeka mkati. Chomwe muli nacho ndi kachipangizo komvera phokoso kamene kamakuuzani tsiku lililonse kuti lero kwakhala bata kapena lero kwachita phokoso. Vuto lake n'lakuti pampu yabwinobwino nayo imasokosera nthawi zina, ndipo yowonongeka imatha kugwira ntchito tsiku lonse mwakachetechete. Chizindikiro cha tsiku limodzi sichikuuzani zambiri. Koma zizindikiro za masiku otsatizana, mukaziwerenga pamodzi ndi zomwe mukudziwa za mmene mapampu amawonongekera, zimanena zambiri ndithu. Masamu ochitira zimenezi ndi amene amatchedwa Hidden Markov Model, kapena HMM mwachidule.

Dzinali limachokera kwa Andrey Markov, katswiri wa masamu wa ku Russia, amene mu 1913 anawerenga zilembo 20,000 za m'ndakatulo yaitali ya mlakatuli wa ku Russia Pushkin kuti aone mmene mavawelo ndi makonsonanti amatsatirana. Mbali ya Hidden, kutanthauza zobisika, inakonzedwa ndi Leonard Baum ndi anzake ku Institute for Defense Analyses ku Princeton m'zaka za m'ma 1960, ndipo m'zaka za m'ma 1970 James Baker ku Carnegie Mellon komanso gulu la Frederick Jelinek ku IBM anayamba kugwiritsa ntchito masamuwa pophunzitsa kompyuta kumva mawu a munthu. Masiku ano akatswiri a DNA ndi mapuloteni amawagwiritsabe ntchito kudzera m'mapulogalamu ngati HMMER. Ife tikhala ndi pampu yathu yomweyo mpaka kumapeto, chifukwa manambala ake ndi ochepa moti mungawerengere pa pepala. Ndipo ndikulangizani kuti muwerengeredi pa pepala musanayatse kompyuta. Amene amathamangira pulogalamu amalandira yankho looneka lodalirika koma osadziwa kuti lingawanamize pati.

Gawo loyamba: onani ngati vuto lanu likukwanamo

Pakufunika zinthu zitatu. Zomwe mwayeza zikhale zotsatizana, monga masiku, masekondi, kapena malo otsatizana pa mzere wa DNA. Kuseri kwake kukhale mikhalidwe yowerengeka imene chinthucho chimakhalamo umodzi pa nthawi imodzi. Ndipo muvomere mfundo ziwiri zomwe HMM imaimapo: kuti mkhalidwe wa mawa umadalira wa lero wokha, osati wa dzana, komanso kuti chizindikiro cha lero chimadalira mkhalidwe wa lero wokha.

Mfundo ziwirizi sizikhala zoona kwenikweni pa chinthu chilichonse chenicheni. Pampu imene yagwira ntchito zaka 10 siyofanana ndi yatsopano ngakhale zonse zili bwino lero. Funso loti mudzifunse si lakuti kodi ndi zoona, koma lakuti kodi bodzali ndi laling'ono moti mungalipirire. Ngati chobisikacho ndi nambala yosinthasintha pang'onopang'ono, monga liwiro la ndege kapena malo amene ili, siyani HMM mutenge Kalman filter, imene Rudolf Kalman anaifotokoza mu 1960. Maganizo ake ndi amodzimodzi koma ndi yoyenera zinthu zosadukiza.

Gawo lachiwiri: tchulani zobisika ndi zooneka

Kwa pampu yathu mikhalidwe yobisika ikhale iwiri: Bwino ndi Vuto. Zizindikiro zooneka zikhalenso ziwiri: bata ndi phokoso. Mtima umafuna kuwonjezera mikhalidwe, kuti pakhale vuto laling'ono, lapakati ndi lalikulu. Dziletseni kaye. Mikhalidwe iwiri imafuna manambala 4 a kusintha, mikhalidwe 10 imafuna 100, ndipo iliyonse ya manambalawo iyenera kuchokera ku umboni womwe mwina mulibe.

Gawo lachitatu: lembani magulu atatu a manambala

HMM yonse ndi magulu atatu awa basi. Manambala omwe ndikupereka pano ndi ongopeka kuti tiphunzirire.

Gulu loyamba ndi la poyambira. Tsiku loyamba, tisanamve chilichonse, mwayi woti pampu ili Bwino ndi 0.8, woti ili ndi Vuto ndi 0.2.

Gulu lachiwiri ndi la kusintha. Ikakhala Bwino lero, mwayi woti ikhalabe Bwino mawa ndi 0.9, woti ilowe m'Vuto ndi 0.1. Ikakhala ndi Vuto lero, mwayi woti likhalepobe mawa ndi 0.8, woti lithe ndi 0.2, mwina chifukwa amakaniko athira girisi pa ntchito yawo ya nthawi zonse.

Gulu lachitatu ndi la zizindikiro. Pampu ikakhala Bwino imapereka bata ndi mwayi wa 0.8, phokoso 0.2. Ikakhala ndi Vuto imapereka bata 0.3, phokoso 0.7.

Onetsetsani kuti manambala ochokera pa mkhalidwe umodzi akaphatikizidwa akukwana 1. Kenako chitani chinthu chimodzi chimene ambiri amadumpha: funsani kuti manambala anu akutanthauza kuti mkhalidwe uliwonse umakhalitsa nthawi yaitali bwanji. Chotsani mwayi wokhalabe pomwepo pa 1, kenako gawani 1 ndi chotsalacho. Kwa Bwino, 1 kuchotsa 0.9 ndi 0.1, ndiye kuti pampu imakhala bwino pafupifupi masiku 10 isanalowe m'vuto. Kwa Vuto ndi masiku 5. Mukamuuza amene amaidziwa bwino pampuyo kuti mwayi ndi 0.9 angogwedeza mutu, koma mukamuuza kuti imawonongeka masiku 10 alionse akuuzani nthawi yomweyo ngati mukulota. Pampu yeniyeni yowonongeka pafupipafupi chotero ikanatayidwa kale, koma kwa phunziro lathu zili bwino.

Gawo lachinayi: werengerani kupita kutsogolo

Tiyerekeze kuti masiku atatu apereka izi: bata, phokoso, phokoso. Tikufuna kudziwa kuti tsiku lililonse pampu inali motani.

Njira yoyamba kubwera m'mutu ndi kulemba njira zonse zomwe pampu ikanadutsa, monga Bwino, Bwino, Vuto kapena Vuto, Bwino, Vuto, n'kuwerengera mwayi wa iliyonse. Kwa masiku atatu zilipo 8 zokha. Kwa masiku 100 zilipo 2 wodzichulukitsa yekha ka 100, nambala yokhala ndi madijiti 31, ndipo palibe kompyuta ingamalize. Chinsinsi cha njira yowerengera kupita kutsogolo, yotchedwa forward, n'chakuti simufunika kukumbukira njira zonse. Popeza mawa limadalira lero lokha, tsiku lililonse mumangosunga nambala imodzi pa mkhalidwe uliwonse.

Tsiku loyamba, bata. Chulukitsani mwayi woyambira ndi mwayi wa chizindikirocho. Bwino: 0.8 × 0.8 = 0.64. Vuto: 0.2 × 0.3 = 0.06. Mukaphatikiza mupeza 0.70, ndipo 0.06 kugawa ndi 0.70 ndi pafupifupi 0.09. Ndiye kuti pambuyo pa tsiku labata, mwayi wa vuto watsika kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 9.

Tsiku lachiwiri, phokoso. Pa mkhalidwe uliwonse funsani kuti ndingafikepo bwanji kuchokera dzulo. Pa Bwino mungafike kuchokera pa Bwino, 0.64 × 0.9 = 0.576, kapena kuchokera pa Vuto, 0.06 × 0.2 = 0.012. Pamodzi ndi 0.588. Chulukitsani ndi mwayi woti pampu yabwino ichite phokoso, 0.2, mupeza 0.1176. Pa Vuto mungafike kuchokera pa Bwino, 0.64 × 0.1 = 0.064, kapena kuchokera pa Vuto, 0.06 × 0.8 = 0.048. Pamodzi ndi 0.112, kuchulukitsa ndi 0.7 ndi 0.0784. Zonse ziwiri pamodzi ndi 0.196, ndipo gawo la Vuto ndi 0.0784 kugawa ndi 0.196, kapena kuti 40 peresenti ndendende.

Taonani apa. Phokoso limachitika kwambiri pa pampu yowonongeka kuposa pa yabwino, 0.7 poyerekeza ndi 0.2, komabe masamu akuti pampu ikadali yabwino ndi mwayi wa 60 peresenti. Chifukwa chake ndi bata la dzulo. Munthu woyang'ana chizindikiro cha lero chokha akanathamanga kukazimitsa makina. HMM ikuyika pa sikelo zinthu ziwiri, zomwe yamva lero ndi kumene ikuchokera.

Tsiku lachitatu, phokoso linanso. Chitani chimodzimodzi ndi manambala atsopanowo. Bwino: 0.1176 × 0.9 kuphatikiza 0.0784 × 0.2 ndi 0.12152, kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 0.0243. Vuto: 0.1176 × 0.1 kuphatikiza 0.0784 × 0.8 ndi 0.07448, kuchulukitsa ndi 0.7 ndi 0.0521. Pamodzi ndi 0.0764, ndipo Vuto latenga 68 peresenti.

Nambala ya 0.0764 musaitaye. Ndi mwayi woti HMM yanu itulutse bata, phokoso, phokoso motsatizana chotero, ndipo ndi imene mudzagwiritse ntchito poyerekeza HMM ziwiri kuti muone imene ikugwirizana bwino ndi zomwe mwayeza. Makina akale omva mawu ochepa ankagwira ntchito motero: liwu lililonse linali ndi HMM yakeyake, ndipo imene yapereka nambala yaikulu ndiyo inkapambana. Ntchito yonse ya masiku 100 ndi mikhalidwe iwiri yatsika kufika pa kuchulukitsa mazana ochepa chabe.

Gawo lachisanu: bwererani m'mbuyo mukakonze zomwe munaganiza

Tsiku lachiwiri tinati mwayi wa vuto ndi 40 peresenti. Tinanena zimenezo tisanamve phokoso la tsiku lachitatu. Tsopano talimva, ndiye funso la tsiku lachiwiri lija liyenera kuyankhidwanso. Iyi ndi njira ya backward, yowerengera chobwerera m'mbuyo.

Funsani kuti, pampu ikanakhala Bwino tsiku lachiwiri, mwayi womva phokoso tsiku lachitatu ukanakhala wotani? Ndi 0.9 × 0.2 kuphatikiza 0.1 × 0.7, zomwe ndi 0.25. Ikanakhala ndi Vuto, ndi 0.2 × 0.2 kuphatikiza 0.8 × 0.7, zomwe ndi 0.6. Chulukitsani manambalawa ndi aja a kutsogolo a tsiku lachiwiri. Bwino: 0.1176 × 0.25 = 0.0294. Vuto: 0.0784 × 0.6 = 0.0470. Pamodzi ndi 0.0764, nambala yomwe ija, ndipo kufanana kumeneku ndi njira yabwino yotsimikizira kuti simunaphonye powerengera. Gawo la Vuto tsopano ndi pafupifupi 62 peresenti. Tsiku lomwelo, chizindikiro chomwecho, koma yankho latembenuka.

Dziwani funso lomwe mukufuna. Ngati mukusankha zoti muchite lero, muli ndi forward yokha, chifukwa mawa silinafike. Ngati mukufufuza kuti vuto linayamba liti, gwiritsani ntchito zonse ziwiri. Cholakwika chofala n'kuyesa HMM pa zolembedwa zakale pogwiritsa ntchito njira zonse ziwiri, n'kusangalala kuti ikugwira mavuto msanga, kenako n'kudabwa kuti pa ntchito yeniyeni ikuchedwa. Poyesa paja inkaonera mayankho a mawa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: pezani njira imodzi yopambana zonse

Nthawi zina simufuna maperesenti a tsiku lililonse koma nkhani imodzi yathunthu, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Apa ndi pamene pamabwera njira ya Viterbi, imene Andrew Viterbi anaifalitsa mu 1967 pofuna kumasulira mauthenga otumizidwa pa mawaya kapena pa wailesi amene asokonezeka m'njira. Mawerengedwe ake ndi ofanana ndi a forward, kusiyana kwake n'kumodzi: m'malo mophatikiza njira zofikira pa mkhalidwe, mumasankha yaikulu yokha n'kulemba kumene yachokera.

Tsiku loyamba ndi 0.64 ndi 0.06 monga kale. Tsiku lachiwiri, pa Bwino yaikulu ndi 0.576 yochokera pa Bwino, kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 0.1152. Pa Vuto yaikulu ndi 0.064, yochokeranso pa Bwino, kuchulukitsa ndi 0.7 ndi 0.0448. Tsiku lachitatu, pa Bwino yaikulu ndi 0.1152 × 0.9, kuchulukitsa ndi 0.2 kupeza 0.0207. Pa Vuto yerekezani 0.1152 × 0.1 = 0.0115 ndi 0.0448 × 0.8 = 0.0358. Yachiwiriyo yapambana, ndipo kuchulukitsa ndi 0.7 ndi 0.0251. Tengani yaikulu ya tsiku lomaliza, Vuto, n'kutsatira zomwe munalemba chobwerera: Vuto linachokera pa Vuto, lomwe linachokera pa Bwino. Nkhani yopambana ndi Bwino, Vuto, Vuto.

Musafulumire kuikhulupirira. Gawani 0.0251 ndi 0.0764 mupeza pafupifupi 33 peresenti. Nkhani yoti pampu inali bwino masiku onse atatu ili ndi 27 peresenti, ndipo yoti inali ndi vuto kuyambira pachiyambi ili ndi pafupifupi 25. Wopambanayu wapambana movutikira, ndipo mwayi woti nkhani yeniyeni ndi ina ndi magawo awiri mwa atatu. Pulogalamu ya pa kompyuta idzakupatsani mzere wa Viterbi waukhondo, wopanda chizindikiro chilichonse cha kukayika, ndipo anthu amaujambula pa lipoti ngati kuti anatsegula pampuyo n'kuona ndi maso. Mwa mbali zonse za HMM, apa ndi pamene ndimaona kuti anthu amanamizika kwambiri. Mukapereka mzere wa Viterbi, perekaninso maperesenti a gawo lachisanu pambali pake.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: pezani manambala enieni

Manambala athu tinangowapeka. Pa ntchito yeniyeni pali njira ziwiri.

Ngati muli ndi zolembedwa zomwe zikusonyeza mkhalidwe weniweni, monga buku la amakaniko lonena masiku amene pampu inapezeka ndi vuto, ingowerengani. Mwa masiku onse a Bwino, ndi angati anatsatiridwa ndi Vuto? Mwa masiku onse a Vuto, ndi angati anali a phokoso? Musanagawe, onjezani kanambala kakang'ono, monga 1, pa chiwerengero chilichonse. Mukapanda kutero, chinthu chomwe sichinachitikepo m'zolembedwa zanu chidzakhala ndi mwayi wa 0, ndipo tsiku lomwe chidzachitike mawerengedwe onse adzasanduka 0.

Ngati muli ndi zizindikiro zokha, gwiritsani ntchito njira ya Baum-Welch, imene ndi mtundu umodzi wa njira yotchedwa EM (Expectation-Maximization) yomwe Dempster, Laird ndi Rubin anaifotokoza mokwanira mu 1977. Yambani ndi manambala ongoganizira. Thamangitsani forward ndi backward kuti mupeze maperesenti a tsiku lililonse. Kenako werengani monga poyamba paja, koma tsiku lokhala ndi 62 peresenti ya Vuto muliwerenge ngati 0.62 ya tsiku la Vuto ndi 0.38 ya tsiku la Bwino. Zimenezi zikupatsani manambala atsopano. Bwerezani mpaka nambala ya mwayi wonse ija itasiya kukwera. Masamu amatsimikiza kuti siingatsike pa kubwereza kulikonse, koma satsimikiza kuti mufika pa yankho lopambana onse. Zili ngati kukwera phiri kuli nkhungu: mumangoponda chokwera, ndipo mukaima simudziwa ngati muli pa nsonga yeniyeni kapena pa chulu. N'chifukwa chake muyambe kangapo ndi manambala osiyanasiyana, n'kusunga yankho la mwayi waukulu. Musayambe ndi mikhalidwe yonse yofanana ndendende, chifukwa siidzasiyana konse. Ndipo 0 amene mwamuyika poyamba adzakhalabe 0 mpaka kumapeto, zomwe zingakuthandizeni ngati mukufuna kuletsa dala kusintha kwina, monga kuchoka pa kuwonongekeratu kubwerera pa Bwino.

Pali chinanso. Baum-Welch sadziwa za pampu. Idzakupatsani mkhalidwe 0 ndi mkhalidwe 1, ndipo ndi inu amene mudzaipatse mayina. Mwina zomwe yapeza si Bwino ndi Vuto ayi, koma masiku amene fakitale inali pa ntchito yambiri ndi masiku a ntchito yochepa, popeza zimenezonso zimasintha phokoso. Musanalembe dzina, tengani masiku angapo amene mukudziwa zomwe zinachitika muone ngati zikugwirizana.

Gawo lomaliza: kupita pa kompyuta

M'zilankhulo zolembera mapulogalamu muli zida zokonzeratu za HMM: mu Python muli hmmlearn, mu R muli depmixS4. Ntchito yoyamba ikhale kulowetsa manambala a pampu yathu ndi zizindikiro zitatu zija muone ngati mupeza 0.0764 ndi Bwino, Vuto, Vuto. Mapulogalamu ambiri amapereka logarithm ya mwayi (kalembedwe ka nambala kamene kamasandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza) osati mwayi weniweniwo, choncho mukaona nambala yoyandikira −2.57 musadabwe, ndi yomweyo.

Chifukwa chogwiritsira ntchito logarithm n'chakuti mukachulukitsa manambala ochepera 1 kambirimbiri, zotsatira zimachepa mpaka kompyuta imazitenga ngati 0. Malire ake pa manambala wamba a pa kompyuta ali cha pa 10 wa mphamvu ya −308, kutanthauza 1 kugawa ndi 10 wodzichulukitsa ka 308, ndipo 0.5 wodzichulukitsa ka 1,000 wafika kale pa 10 wa mphamvu ya −301. Ngati mukulemba pulogalamu yanuyanu, pa Viterbi phatikizani ma logarithm m'malo mochulukitsa, ndipo pa forward gawani manambala a tsiku lililonse ndi chiwonkhetso chawo musanapite tsiku lotsatira.

Ngati chipangizo chanu chimapereka muyeso weniweni wa phokoso osati bata kapena phokoso chabe, simufunika kuudula pawiri. Mkhalidwe uliwonse muupatse avereji yake ndi kufalikira kwake, zomwe mu hmmlearn zimatchedwa GaussianHMM. Posankha kuchuluka kwa mikhalidwe musayang'ane mwayi wa pa zolembedwa zomwe mwaphunzitsira, chifukwa umakonda kukwera mukangowonjezera mikhalidwe. Patulani gawo la zolembedwa, makamaka la kumapeto, muyesere pamenepo.

Pomaliza penipeni, lolani HMM yanu ipeke masiku 1,000 akeake, muwajambule pambali pa masiku enieni, muyerekeze kutalika kwa nyengo za phokoso. Mu HMM wamba, mkhalidwe uli ndi mwayi wofanana wotha tsiku lililonse, motero nyengo ya tsiku limodzi ndiyo imachitika kwambiri kuposa ina iliyonse, ngakhale avereji ili masiku 5. Ngati mavuto enieni a makina anu nthawi zambiri amatenga pafupifupi sabata ndipo satha tsiku limodzi, gawani Vuto kukhala mikhalidwe ingapo yotsatizana imene pampu iyenera kudutsamo umodziumodzi, kapena sinthirani ku hidden semi-Markov model, imene imakulolani kulemba kutalika kwa nyengo iliyonse mwachindunji.